Kwa mayi amene akufuna kuti mwana achotsedwe pakhomo

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare muno ku Zimbabwe, wanditumizira imelo. Akulera mwana wa mkulu wake, mnyamata wa zaka 15 amene mayi ake ali pa ntchito ku Johannesburg, ndipo mnyamatayo wasiya sukulu, wayamba kusuta mankhwala osokoneza bongo otchedwa mutoriro, kenako wagwidwa ndi foni yakuba. A Social Welfare anena kuti azibwera kunyumba kudzakhala pansi ndi banja lonse. Funso la mayiyu ndi lakuti, n'chifukwa chiyani akufuna kuyalutsa akuluakulu pamene wolakwa ndi mwana, bwanji osangomutenga kukamuika kumalo kumene amawongolera ana.

Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa mawu amenewa ndinayamba kuwamva m'nyumba mwathu ku Dzivarasekwa, kwa bambo anga. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP itayamba mu 1991, mafakitale ambiri anachepetsa antchito, ndipo bambo anali m'gulu la amene anauzidwa kuti ntchito yatha. Munthu amene ankadzuka m'mamawa tsiku lililonse anayamba kuswera pakhomo, kenako kumowa, ndipo masiku amene wapeza ganyu n'kulandira kangachepe, usiku wake m'nyumba simunkagoneka. Mng'ono wanga anayamba kujomba kusukulu, kugona kunja, ndi kusolola ndalama m'kachitini ka mayi ka phindu la tomato. Atsibweni anaitanidwa kuchokera ku Mbare, akuluakulu anakambirana ana titawathamangitsira panja, ndipo chigamulo chinali chakuti mnyamatayo apite kumudzi ku Ntcheu kwa agogo, akaphunzire mwambo. Anamukweza basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, mwana wobadwira mu Harare, amene Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chishona moti anzake kumudziko ankamuseka akangotsegula pakamwa. Anabwerako patapita zaka zingapo atatalika, wosalankhulalankhula, ndiponso wokwiya kuposa kale. Pamsonkhano uja palibe anafunsa kuti mwanayo ankagona kunja masiku ati. Akanafunsa akanaona kuti anali masiku omwewo amene bambo ankabwera ataledzera n'kumamenya mayi. Mwana anachoka, nyumba inatsala mmene inalili, ndipo atabwerera anapeza zimene anazisiya.

Pambuyo pake ndinagwira ntchito ya uphungu yoyendera mabanja m'makomo, ndipo ndinadzaphunzira kuti zimene zinatichitikirazo anthu ena anaziona kalekale. Dokotala wina wa matenda a maganizo, Salvador Minuchin, ankagwira ntchito pa sukulu ya anyamata ovuta yotchedwa Wiltwyck ku New York cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Iye ndi anzake anaona kuti anyamata ankasintha ali pasukulupo, koma akabwerera kwawo ankayambiranso zakale, choncho anayamba kuitana makolo ndi abale kuti akhale nawo m'chipinda chimodzi. Kenako Scott Henggeler anakonza njira yotchedwa Multisystemic Therapy, imene phungu amapita kunyumba, kusukulu ndi kumene mwana amachezera. M'njira imeneyi phungu mmodzi amasamalira mabanja 4 mpaka 6 okha, kwa miyezi 3 mpaka 5, ndipo banja limatha kuimba foni usana kapena usiku. Kuno kwathu wogwira ntchito wa boma ali ndi mafayilo ochuluka kuposa pamenepo, galimoto alibe, amabwera pa kombi, ndiye musayembekezere zofanana ndi za ku America. Koma maganizo ake ndi omwewo, ndipo mu Harare muno bungwe la Connect lakhala likuphunzitsa anthu uphungu wa mabanja kwa zaka zambiri.

Mukuti bwanji osakumana ku ofesi. Ku ofesi aliyense amabwera atasamba ndipo amakhala pa mpando umene wapatsidwa. Kunyumba zinthu zimaoneka zokha. Ndinkayendera banja lina ku Epworth limene linkachita lendi zipinda ziwiri, ndipo nditangolowa ndinaona kabati ya chakudya yokhomedwa ndi loko, kiyi ali pakhosi pa mayi. Ana ang'onoang'ono, a bambo watsopano wa pakhomopo, ankagona kuchipinda, pamene mnyamata amene ankatchedwa wakuba ankayala pansi pafupi ndi chitseko, pamene aliyense wopita panja usiku ankamudumpha. Ndikafunsa mnyamatayo funso ankayankha ndi mayi ake, ndipo nkhani ikayandikira kwa bambo womupeza, bamboyo ankakweza wailesi. Palibe akanandiuza zimenezi ku ofesi, osati pofuna kubisa, koma chifukwa kwa iwo sizinali nkhani. Ntchito yathu yoyamba sinakhudze n'komwe za kuba. Tinagwirizana kuti mnyamatayo azipatsidwa chakudya chake popanda kupempha kiyi, ndiponso kuti bamboyo azimutenga Loweruka kukamuthandiza kuwotcherera mageti n'kumamupatsa kangachepe. Sanasanduke mngelo, ankabwerabe mochedwa, koma shuga anasiya kusowa ndipo anthu awiriwo anayamba kupatsana moni.

Apa ndinena mosabisa, mayi. Ambiri amene amapempha kuti mwana achotsedwe amakhala akufuna mpumulo wawo, ndipo sindikuwanyoza, chifukwa kugona ndi foni pansi pa pilo m'nyumba mwako momwe n'kotopetsa. Koma tisamanene kuti ndi thandizo kwa mwana. Mukasonkhanitsa anyamata ovuta pamalo amodzi amaphunzitsana, ndipo amene analowa atangoba foni amatuluka akudziwa kumene mafoni amagulitsidwa. Ofufuza a ku America, kuphatikizapo Thomas Dishion ndi Joan McCord, analemba mu 1999 kuti mapulogalamu ena oika achinyamata oterewa pagulu amawonjezera khalidwe loipa m'malo molichepetsa. Malamulo a dziko lino nawonso sali kumbali yanu. Gawo 81 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013 limati mwana asatsekeredwe pokhapokha njira zina zonse zitalephera, ndipo zikatero kukhale kwa nthawi yochepa kwambiri. Ndondomeko ya boma yosamalira ana amasiye ya 1999 inaika banja patsogolo, kenako achibale, kenako anthu a m'dera, ndipo nyumba zosungira ana inaziika kumapeto kwenikweni. Malo owongolera ana ngati Northcot ku Mt Hampden alipo, koma mwana amapitako khothi likalamula, osati chifukwa mayi ake aang'ono atopa. Amene anganene kuti mwanayo akungofunika chikwapu adziwe kuti khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linathetsa chilango chokwapula ana olakwa mu 2019. Za m'nyumba mwanu ndingofunsa kuti mwamumenya kangati kale, ndipo chasintha n'chiyani.

Ife ana a matchona tili ndi vuto lina lowonjezera. Pamwambo wathu mwana wa mlongo ali m'manja mwa atsibweni, ndipo nkhani yotere mwinimbumba ndiye amaitanitsa bwalo. M'tauni muno atsibweni ali ku Kadoma, kapena ku Cape Town, kapena anamwalira, ndipo udindowo wagwera amayi okha ngati inu. Komanso tinakula tikuopa maofesi a boma chifukwa cha zitupa zolembedwa kuti "alien", moti munthu wa boma akagogoda pachitseko mtima umathamangira kuganiza kuti wabwera kudzafufuza. Mantha amenewa ndi amene ndikuwamva mu imelo yanu pamene mukunena za kuyalutsidwa. Koma aneba anu akudziwa kale kuti mwanayo anagwidwa. Anthu amati m'mera m'poyamba, ndipo ambiri amanena mwambiwu pofuna kutanthauza kuti mwana wa zaka 15 watha kale. Ine ndikukana. Pa msinkhu umenewu mwana amafunabe kuti wina azimudikira madzulo, ngakhale amachita ngati alibe nazo ntchito, ndipo mwana amene amadziwa mayi ake kudzera pa ndalama za Mukuru zokha amafuna zimenezi kwambiri.

Pamene kunyumba sikukwanira

Sindikunena kuti mwana aliyense akhale pakhomo zivute zitani. Ngati m'nyumbamo muli munthu amene akumuzunza kapena kumugwiririra, kapena ngati iyeyo akuopseza ana ang'onoang'ono ndi mpeni, kupatukana kwa kanthawi n'kofunika, ndipo phungu wabwino adzanena yekha. Mutoriro nawo si chamba. Ndi crystal meth, imene imachititsa munthu kukhala masiku osagona ndi osadya, ndipo ena amayamba kumva mawu kapena kukhulupirira kuti akusakidwa. Mukaona zimenezi musadikire tsiku la ulendo wa phungu, pitani naye kuchipatala. Ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe, kumene timati ku Gomo, kuli mbali zoona matenda a maganizo. Akatuluka kumeneko adzabwererabe ku Mufakose, pa mseu womwewo umene wogulitsa uja amaima, ndipo ntchito ya pakhomo idzafunikabe.

Ndiye alandireni a Social Welfare. Pa ulendo woyamba afunseni kuti azibwera kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti zimene mukukambirana zidzalembedwa mu lipoti lopita kuti, chifukwa probation officer, wogwira ntchito wa Social Welfare woona za ana olakwa, amalembera akhothi ndipo muli ndi ufulu wodziwa. Funsaninso ngati mlanduwu uli pansi pa ndondomeko ya pre-trial diversion, imene imathandiza ana a milandu ing'onoing'ono kuti asakhale ndi mbiri ya kukhothi, ndipo mumvetse zimene mnyamatayo ayenera kukwaniritsa. Aliyense wogona m'nyumbamo akhalepo, amuna anu omwe, ndipo mayi ake a mwanayo amvere nawo pa WhatsApp ngakhale kwa mphindi zochepa. Ngati pali atsibweni kapena mkulu wa mpingo amene mwanayo amamulemekeza, muitaneni. Yambani kulemba m'kabuku masiku amene amasowa ndi zimene zinachitika pakhomo dzulo lake. Onani ngati ali ndi setifiketi yakubadwa, chifukwa popanda iyo kubwerera kusukulu ndi kulemba mayeso kumavuta, ndipo funsani kusukuluko za thandizo la fizi la BEAM. Usiku zinthu zikafika povuta, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116 ndipo ndi yaulere. Inunso muli ndi katundu wolemera mumtima, ndipo agogo a Friendship Bench, ntchito yopereka uphungu kwa anthu olemedwa m'maganizo imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, amapezeka m'makiliniki ambiri a khonsolo, choncho kafunseni pa kiliniki yanu ngati alipo.