Yambirani pa mkanda wapakati potunga

Achemwali, kuti mkanda wanu ugone bwino pakhosi ngati ya makedzana ija, musayambe kutunga kuchokera kumapeto. Yalani kaye mikanda yonse pathaulo kuti isagubuduke, ikani waukulu kwambiri pakati, kenako muzionjezera iwiri yofanana, wina kumanja wina kumanzere, mpaka mufike ku ing'onoing'ono ya kumbuyo kwa khosi. Pa mkanda wotalika masentimita 45, ine ndimaika wa mamilimita 12 pakati n'kutsika mpaka 4, ndipo sindidumpha mamilimita oposa 2 pakati pa mikanda yoyandikana, chifukwa kusiyanako kukakula maso amaona masitepe m'malo mwa kutsetsereka.

Za ulusi, chingwe chowedzera nsomba chimene ambiri timagula pamsika wa Kasungu sindichikonda pa ntchito imeneyi. Mikanda yapakati ndi yolemera, makamaka ikakhala yagalasi, choncho chingwecho chimatamuka pang'onopang'ono n'kusiya mipata pafupi ndi chokolowekera, kachitsulo kolumikizira mkanda kumbuyo kwa khosi. Ulusi wolimba wa nayiloni wopinda pawiri ndi wabwinoko, ndipo mukamanga mfundo pakati pa mkanda uliwonse, mikanda sikhulana, komanso ulusi ukaduka umagwa mkanda umodzi wokha. Kumbukirani kuti mfundozo zimatalikitsa mkanda, ndiye yesani pakhosi musanamange yomaliza.

Ngati mikandayo ndi yakale yosiyiridwa ndi agogo ndipo mabowo ake ndi osweka, kaionetseni kwa mmisiri wa zokongoletsera musanaboole kapena kuitsuka ndi mankhwala. Chokolowekera chikakuyambitsani zidzolo pakhosi, chivuleni ndipo mukaonane ndi achipatala, popeza anthu ena khungu lawo siligwirizana ndi chitsulo cha nickel.