Fumbi latha, nanga mwana akuyetsemuliranji?

Mayi wina wa ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, wandilembera imelo. Akuti mwana wake amayetsemula ndi kubanika usiku mvula ikangoyamba, pomwe mu Okutobala, fumbi lili paliponse, amagona bwinobwino. Zikutheka bwanji?

Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa mwana wanga wachiwiri anavutika chimodzimodzi. Nyumba imene tinkachita lendi inali ndi khoma lonyowa dzinja lonse, ndipo mukatukula matiresi pansi pake pankanunkha nkhungu. Usiku chifuwa cha mwana chinkalira ngati kamwana ka mphaka. Achibale ankati ndi mphepo, mumufunditse kwambiri, mutseke mazenera. Dokotala ndiye anatchula nthata za m'fumbi, zosaoneka ndi maso, zimene zimakhala m'zofunda n'kumadya tizikhungu tofunduka pathupi pathu.

Nthatazi sizimwa madzi, zimayamwa chinyezi cha mumpweya. Chinyezi chikafika cha pa 75 peresenti, kukutentha madigiri 25, dzira limakhala nthata yaikulu pakangotha mwezi umodzi, ndipo yaikazi imaikira tsiku ndi tsiku. Chikakhala pansi pa 50 peresenti kwa nthawi yaitali, zimaleka kuswana, zimauma n'kufa. Ndiye chilimwe cha Lusaka chimazipulula. Koma sizitha zonse. Zing'onozing'ono zina zimangoti phee mkati mwa matiresi, osadya, mpaka mvula ya Novembala. Ngakhale maola ochepa a chinyezi patsiku amazikwanira kuti zisafe, ndipo thukuta lathu m'bulangeti limaziwonjezera.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi eni nyumba amene amamanga zipinda za lendi zokhala ndi kazenera kamodzi koyang'ana khoma la mnzake. Lendi amatolera mwezi uliwonse, koma denga lodontha sakonza. Inu ku Kanyama mumadziwa mmene madzi amadikhira pakhomo mu Januwale, zovala n'kumayanikidwa pachingwe m'chipinda chogona. Chipinda chotere ndi khola la nthata, ndipo amene amalipira ndi ana. Sichilungamo ayi.

Chochita

Dzuwa likangowala, tulutsani matiresi ndi mapilo ziwombedwe tsiku lonse. Zofunda muzichapa ndi madzi otentha ofika madigiri 60. Zovala zonyowa zisalowe kumene mwana amagona, mazenera azitsegulidwa masana. Pokolopa gwiritsani nsalu yonyowa pang'ono, chifukwa chodwalitsa ndi zitosi za nthata, zimene zimatsala ngakhale nthatazo zitafa. Akabanika, pitani naye kuchipatala akamuyeze mphumu.