Kodi amonke amathawa anthu?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo akufuna kulowa m'nyumba ya amonke, anthu amene amadzipereka kwa Mulungu moyo wawo wonse osakwatira, ndipo wina wawauza kuti mawu a Chingerezi akuti monasticism amatanthauza kuthawa anthu. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Azakhali anga atalowa usisitere, agogo analira ngati pagwa maliro. Ankati ndani adzanditungira madzi, nanga zidzukulu zidzachokera kuti. Koma agogowo atadwala, amene ankawasambitsa anali azakhali omwewo, ife otsala kumudzi tili kalikiliki kukangana za munda. Mpaka lero ndikamva munthu akuti "anatitaya", mtima umandiwawa.

Amene anakuuzaniyo sananame, koma anangogwira mchira. Muzu wake ndi mawu a Chigiriki akuti monos, kutanthauza yekha. Pamenepo panatuluka monachos, munthu wokhala payekha, ndi monasterion, malo ake. Chilatini chinawatenga, Chingerezi n'kutolako monk ndi monastic. Poyamba zinalidi choncho. Anthony wa ku Egypt, amene anamwalira m'chaka cha 356, anakakhala m'chipululu yekhayekha. Koma ali moyo, cha m'ma 320, Pachomius anasonkhanitsa amuna ku Tabennisi, m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, kuti azidya, kupemphera ndi kugwira ntchito pamodzi. Dzina la "yekha" linatsala, moyo n'kukhala wa gulu. Benedict, amene anakhazika nyumba yake ku Monte Cassino, m'dziko la Italy, cha m'ma 529, analamula kuti mlendo aliyense alandiridwe ngati Khristu amene. Wothawa anthu angalembe lamulo lotere? Ine ndikukana.

Ndipo onani, mzinda wa Munich ku Germany dzina lake limachokera kwa amonke. Ngakhale minster wa mu dzina la Westminster, ku London, ndi monasterion yemweyo, wangofupika m'kamwa mwa anthu. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za amonke ku England pakati pa 1536 ndi 1541, amphawi amene ankalandira chakudya pazipata zake anasowa kolowera.

Zoti muchite

Funsani dzina la chipani cha amonke chimene mwanayo akufuna, chifukwa ena amatsekeredwadi mkati pomwe ena amaphunzitsa kapena kusamalira odwala. Pitani naye mukaone, mufunse za kuchezerana. Malumbiro a moyo wonse sachitika msanga, pamadutsa zaka zoyeserera ndipo akhoza kubwerera kunyumba.