Tafunsani: Kodi Bob Dylan ndi wa country?

Funso: Akulu tandithandizeni, tabetcherana nkhuku yachikuda ndi malume anga. Iwowa ndi aja a Don Williams ndi Jim Reeves, Lamlungu akangochoka ku tchalitchi amabaya flash pa wailesi mpaka madzulo ife kuchita kutopa. Tsiku lina panalira Lay Lady Lay, ati ameneyo ndi Bob Dylan woimba country. Ine ndinakana poti ndimadziwa kuti Dylan ndi wa folk. Akunama ndani apa? Mnyamata wa ku Matawale, Zomba.

Yankho: Achimwene, nkhukuyo musathamangire kuisosola, malume anuwo sakulankhula zakumutu ayi.

Inu mukulondola pa chiyambi pake. Dylan anabadwa mu 1941 ku Minnesota ndipo anatchukira ku New York ngati wa folk, yekhayekha ndi gitala ndi harmonica pakhosi, kuimba za nkhondo ndi tsankho, tingoti monga ankachitira malemu Allan Namoko kudandaula za moyo ndi banjo yawo. Koma ali mwana ankamvera kwambiri Hank Williams pa wailesi, ndiye country inali kale m'magazi.

Nkhani inakoma mu 1966 pomwe producer wake Bob Johnston anamutengera ku Nashville, likulu la country, kukajambula Blonde on Blonde. Nthawi imeneyo a folk ndi a rock ambiri ankaiona Nashville ngati ya azibambo achikale, koma Dylan atangolowa ena anayamba kukhamukirako. Ndipo tamvani izi, mu studio ya Columbia momwemo munali mnyamata wina wosesa ndi kutaya zotsalira za fodya, dzina lake Kris Kristofferson, yemwe uja anadzakhala katakwe wolemba nyimbo za country. Ndiye mukamanyoza wosesa muziganiza kawiri.

Lay Lady Lay yomwe mwakanganirayo ili mu chimbale cha Nashville Skyline cha 1969, ndipo chimenechi ndi country yeniyeni palibenso zokambirana, muli steel guitar ya Pete Drake ija imachita kulira ngati munthu wasiyidwa ndi mkazi. Mawu a Dylan anasinthiratu, munthu uja amaimba ngati wadwala chimfine apa anamveka mosalala moti ena sanamuzindikire, mwini wake ankati nchifukwa anasiya fodya. Mu chimbale chomwecho anaimba Girl from the North Country ndi katswiri wa country Johnny Cash, mnzake wa ponda apa nane mpondepo yemwe ankalemberana naye makalata, ndipo Cash, pamodzi ndi woimba mnzake June Carter, anali ataimbapo kale It Ain't Me Babe ya Dylan mu 1964. Chaka chomwecho cha 1969 Cash atayamba pulogalamu yake ya pa TV, Dylan anali mlendo tsiku loyamba lenileni.

A country sanasiye kutapa m'nkhokwe mwake. Garth Brooks anafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country ku America mu 1998 ndi To Make You Feel My Love, yolemba Dylan. Wagon Wheel ija imaseweredwa paliponse, kolasi yake Dylan anangoisiya yosamaliza mu 1973, Ketch Secor wa gulu loimba la Old Crow Medicine Show nkudzalembera mavesi patapita zaka, kenako Darius Rucker anaiphulitsa mu 2013.

Ine maganizo anga, Dylan si woimba country ngati Don Williams, munthuyu sakhazikika, lero folk mawa rock mkuja gospel, mpaka anamupatsa Nobel ya zolembalemba mu 2016. Koma funso linabwera chifukwa cha nyimbo imodzi, ndipo pa nyimbo imeneyo malume anamva bwino. Iphani nkhukuyo mudyere limodzi, koma nthutumba ndi ya malume, ndipo mugula ndinu.