Kwa aphunzitsi amene afunsa za ku Joni ndi chifuniro cha Mulungu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati ndinu mphunzitsi wa pulayimale, muli pabanja ndi ana awiri, malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndipo msuweni wanu wa ku Johannesburg wakuitanani kuti ntchito ilipo. Mwasala kudya, mwapemphera, koma kumwamba kuli zii. Mneneri wina wakuuzani kuti akukuonani mukuwoloka malire. Ndiye mukufunsa kuti mungadziwe bwanji chimene Mulungu akufuna.

Ndiyambe ndi mantha amene ndikuwamva m'mawu anu. Mukulemba ngati Mulungu wabisa yankho penapake, ndipo mukalephera kulipeza moyo wanu wonse ukhota. Mulungu amene timamupembedza sachita nawo chibisalirano ana ake. Zambiri zimene amafuna kwa inu anazinena kale poyera. Pa 1 Atesalonika 4:3 akuti chifuniro chake ndi chiyeretso chanu. Pa Mika 6:8 akuti muchite chilungamo, mukonde chifundo, muyende modzichepetsa ndi Mulungu wanu. Pa 1 Timoteo 5:8 akuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Zimenezi sizifuna kusala kudya kuti muzimve. Ndipo mukaziika pafupi ndi ulendo wanuwo, muona kuti theka la funso layankhidwa kale.

Tiyeni tiziike pafupi. Mapepala ali bwanji? Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo, osati ngati wantchito. Msuweni wanuyo akakuuzani kuti "ingobwerani, zinazo tidzaona konkuno," tanthauzo lake n'lakuti masikuwo akatha muzidzakhala mozemba, kupereka kenakake pachipata kuti akudindireni pasipoti, kuthawa mukaona galimoto ya apolisi. Ena amathera ku Lindela, malo osungirako obwera opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Mu 2008 ndi mu 2015 anthu obwera anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa kumeneko, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Sindikunena izi pofuna kukuopsezani, pakuti ambiri ali konko akugwira ntchito moongoka, akumanga nyumba kwawo ndi kuphunzitsa ana. Ndikungoti ngati njirayo ikufuna kuti muzinama ndi kupereka ziphuphu mwezi ndi mwezi, musavutike kudikira loto. Mulungu sakutumani kukachita chimene analetsa.

Chachiwiri, m'funso lanu lonse sindinaone maganizo a amayi a kunyumba. Mwatchula msuweni, mwatchula mneneri, koma amene adzatsale ndi ana, ndi lendi, ndi matenda a usiku sanamveke. Khalani nawo pansi ana atagona, foni mutaiika patali, pepala ndi cholembera zili patebulo. Lembani zimene mumalandira, ngongole zimene muli nazo, mtengo wa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, lendi ya kumeneko, ndi ndalama imene ingamatsale yotumiza. Kenako muwafunse funso lovuta: kodi ukwati wathu ungapirire zaka zingati tili motalikirana? Muwasiye alankhule mpaka amalize, ngakhale alire. Ine ndaona mabanja ambiri amene ndalama za ku Joni zinawamangira nyumba ya malata koma m'nyumbamo mulibenso ukwati. Mawu a akazi anu pa nkhaniyi ndi olemera kuposa a mneneri amene sadzalipira sukulu fizi ya mwana wanu ndi kamodzi komwe.

Za mneneriyo ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene abale ambiri akugwera. Sindikukana kuti Mulungu amalankhula kudzera mwa anthu. Koma werengani 1 Mafumu 13. Munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda anatumidwa ku Beteli, atauzidwa momveka bwino kuti asadye kapena kumwa kumeneko. Mneneri wokalamba anamutsatira n'kumuuza kuti mngelo wanena kuti abwerere akadye. Lemba likunena mosabisa kuti anamunamiza. Munthu uja anasiya mawu amene anali nawo kale n'kutsata mawu a mnzake, ndipo mkango unamupha panjira. Ndiye pali Agabo pa Machitidwe 21, amene ulosi wake unali woona: anatenga lamba wa Paulo, nadzimanga manja ndi miyendo, nati mwini lambayu adzamangidwa chomwechi ku Yerusalemu. Abale onse anamva ulosiwo n'kuganiza kuti ndiye Paulo asapite. Paulo anapita. Mukuona? Ngakhale ulosi woona sumuchotsera munthu udindo woganiza ndi kusankha pamaso pa Mulungu. Komanso kunena zoona, kuuza mwamuna wa Chimalawi amene ali ndi mavuto a ndalama kuti "ndikuona ulendo" sikufuna vumbulutso. Yohane anati tiziyesa mizimu. Yesani, ndipo ngati mawuwo anabwera ndi pempho la ndalama ya "mbewu", chenjerani kwambiri.

Mudzamvanso anthu akuti "ngati khomo latseguka ndiye kuti ndi Mulungu," kapena "tsatani mtendere wa mumtima." Muli choonadi pang'ono mmenemo, koma musatsamirepo thupi lonse. Yona atafika ku Yopa anapeza chombo chopita ku Tarisi chili chire, ndalama yolipira anali nayo, ndipo m'chombomo anagona tulo tofa nato, pamene anali kuthawa Mulungu. Ambuye Yesu ku Getsemane anali pakati penipeni pa chifuniro cha Atate, koma mtima wawo unali wosweka ndi chisoni. Mtima umatha kukhala phee chifukwa choti tapeza chimene timafuna kale.

Nanga Mulungu amatsogolera bwanji? Ndimakonda Machitidwe 16. Paulo ndi anzake anafuna kukalalikira ku Asiya, Mzimu anawaletsa. Anayesa kulowa ku Bituniya, sanaloledwe. Anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko ndi kumene Paulo anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Sanakhale ku Antiokeya manja lende kudikira kuti auzidwe njira yonse. Anaganiza, ananyamuka, ndipo Mulungu anawawongolera ali m'njira. Atafika ku Filipi, mzinda wa ku Makedoniya kumene anaitanidwa ndi masomphenya enieni, anakwapulidwa n'kuponyedwa m'ndende. Choncho mavuto akabwera pambuyo pa chisankho si umboni woti munalakwitsa.

Mbiri ya mpingo kwathu kuno ikunena zomwezo. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 atapemphera kwambiri. Malungo anawatha, ndipo manda awo alipo mpaka lero m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo a Dr William Black amene anamwalira mu 1877. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakwera kukayamba ntchito ku Khondowe. Kodi zaka za ku Cape Maclear zinali kunja kwa chifuniro cha Mulungu? Ine sindikhulupirira choncho. Anayenda ndi kuwala kumene anali nako, ndipo ataona kuti malowo sakuyenera anasintha osachita manyazi. Mulungu wathu ndi wamkulu kuposa chisankho chimodzi cha mphunzitsi wa pulayimale.

Chimene Yakobo 1:5 akulonjeza kwa wopempha ndi nzeru, ndipo nzeru nthawi zambiri imabwera kudzera m'kamwa mwa anthu okudziwani. Mutu umodzi susenza denga. Pitani kwa abusa anu kapena mkulu wa mpingo amene wakuonani kwa zaka, amene angakuuzeni zowawa osaopa. Pezani munthu amene anakhalako ku Joni n'kubwerera, osati yekhayo amene amaika zithunzi zokongola pa Facebook, mumufunse mmene ankagonera ndi mmene ankalipidwira. Funsaninso ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu ngati n'kotheka kutenga tchuthi chosalipidwa, ndi chimene chingachitike pa penshoni yanu mukangosiya ntchito. Kufunsa zimenezi si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Mudzifunsenso nokha moona mtima: ndikupita kukafuna chiyani, kapena ndikuthawa chiyani? Ngati ndi ngongole za katapila, zidzakutsatani pa WhatsApp. Ngati ndi manyazi poona anzanu a m'kalasi akuyendetsa magalimoto, manyaziwo mudzawapezanso kumeneko. Koma ngati mwawerengera bwino n'kuona kuti ana anu sangaphunzire ndi malipiro amenewa, chimenecho ndi chifukwa cholemekezeka, ndipo musalole wina akuuzeni kuti kufuna kudyetsa banja ndi kukonda dziko lapansi. Musaiwalenso kuti kuima kutsogolo kwa kalasi yodzaza mpaka pakhomo, choko chili m'manja, kuphunzitsa mwana kulemba dzina lake, ndi ntchito ya Mulungu kale. Simukudikira kuti maitanidwe ayambe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo muwayese monga mmene ndakuuzirani kuti muyese a mneneri. Ngati palibe chilolezo chogwirira ntchito komanso akazi anu mtima sunawakhazikike, musapite panopa, ndipo musasiye ntchito ya boma chifukwa cha lonjezo la pafoni. Ngati mapepala ali oongoka, ntchitoyo mwaitsimikiza, mwagwirizana m'nyumba, ndipo mwapeza mpingo woti mukasonkhane nawo, ndinu mfulu kupita, ndiponso ndinu mfulu kukhala. Msuweni wanuyo mumufunse sabata ino dzina la kampaniyo, malipiro ake, ndi ngati abwana ake angalembe kalata yoti mukapemphere chilolezo. Mmene ayankhire muzatiuze m'gulu muno, tione pamodzi. Ine ndikhala ndikukupemphererani inu ndi amayi a kunyumba.