Tifunseni: Kodi a Obama anali MP kapena loya?

FUNSO: Akonzi, pa gulu lathu la WhatsApp takanganapo heve, wina akuti a Obama asanakhale pulezidenti anali MP ku Chicago, wina akuti ayi anali loya basi. Zoona ndi ziti? Komanso kodi munthu wopanga malamulo ayenera kukhala loya kaye? Ndine wowerenga wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, onse awiriwo sakunama kwenikweni. Ku America state iliyonse ili ndi nyumba yake ya malamulo, sizili ngati kuno komwe Palamenti ndi imodzi ku Lilongwe. Ndiye a Obama anali senata wa state ya Illinois kuyambira 1997 mpaka 2004, mmodzi mwa masenata 59 omwe amakumana ku Springfield, likulu la state-yo, ndipo ankaimira dera la kummwera kwa Chicago.

Koma sanayambire kukhoti ayi. Kuyambira 1985 mpaka 1988 ankayenda mmatchalitchi ndi mmakomo ku South Side, kummwera kwa Chicago komweko, kusonkhanitsa anthu omwe ntchito zinawathera mafakitale azitsulo atatsekedwa, ndipo ku Altgeld Gardens, nyumba zaboma zomwe mumakhala osauka, anathandiza anthu okhalamo kukakamiza akuluakulu kuti achotse asbestos, zinthu zomangira zija zimawononga mapapo. Sukulu ya zamalamulo ku Harvard anapita pambuyo pake, mu 1990 nkukhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Harvard Law Review, magazini ya zamalamulo yomwe ophunzira a pasukuluyo amayendetsa. Atabwerera ku Chicago anagwira uloya komanso ankaphunzitsa zamalamulo pa University of Chicago.

Ineyo chomwe chimandigwira mtima ndi lamulo la 2003. Ku Chicago kunali mbiri yonyansa yoti apolisi ena ankazunza anthu mpaka kuvomera milandu yomwe sanapalamule, komanso mu 2000 bwanamkubwa wa Illinois George Ryan anaimitsa kaye zonyonga poona kuti anthu 13 omwe anagamulidwa kuti aphedwe anamasulidwa, umboni sunali woona. Tangoganizani, 13! A Obama anabweretsa bilu yoti munthu akamafunsidwa ndi apolisi pa mlandu wakupha, zonse zizijambulidwa. Apolisi poyamba anakana, koma iwo sanawanyoze, anakhala nawo pansi kambirimbiri nkuwaonetsa kuti tepiyo iwatetezanso iwowo munthu akadzawanamizira mukhoti kuti anamumenya. Biluyo inadutsa. Apa uloya unathandiza polemba mawu oti asagwe mukhoti, koma luso lonyengerera anthu okwiya kuti amvane analitenga mmisonkhano ya mmatchalitchi ija, ndipo kwa ine limeneli ndi lomwe linagwira ntchito yaikulu.

Pa funso lanu lachiwirilo, ayi ndithu, digiri ya zamalamulo sichofunika. Ku Illinois amangofuna ukhale nzika ya America, wazaka zosachepera 21, komanso ukhale utakhala mderalo zaka 2 chisankho chisanachitike. Aphunzitsi, alimi ndi abizinesi aliko mnyumba zimenezi.