Chitseko cha MGB kukanika ikakhala pa jeke

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake chitseko cha galimoto yanu ya MGB yopanda denga chimakanika kutseka mukaikweza pa jeke, komanso ngati ya mabampala akuda ija ndi yolimbirapo.

MGB ilibe chasisi chapadera, chimango chachitsulo chija chimene bodi imakhalapo pa magalimoto ena; bodi yomweyo ndiyo imasenza zonse. Popeza denga palibe, mphamvu yake ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, zija amakaniko amati masilu, ndi pa kamtunda kokuta giyabokosi. Silu iliyonse ndi zitsulo zingapo zowotcherera pamodzi, ndipo dzimbiri limayamba kudya cham'kati chimene simuchiona. Kunja penti ikuwala bwinobwino, koma mukakweza galimotoyo bodi imapindika pakati, mpata wa chitseko n'kusintha. Pokonza masiluwo, wowotcherera ayambe wachirikiza pakhomopo ndi chitsulo asanadule kalikonse, apo ayi chitsekocho sichidzakhalanso m'malo mwake.

Mabampala akudawo anabwera mu 1974, potsatira malamulo a ku America oti galimoto izipirira kugunda pa liwiro la makilomita 8 pa ola. Opanga anailimbitsa MGB kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuikwezako pang'ono kuti nyali zifike pa msinkhu wovomerezeka. Inalemera, n'kuyamba kupendama kwambiri pamakona. Pakatipo sanasinthepo kwenikweni, masilu ake amawola chimodzimodzi.